Tifunseni: Kupita ndi ana a sukulu ku Roma

Mwezi uno makalata anayi abwera pa nkhani imodzi. Ana a sukulu ina ya sekondale ku Angónia aitanidwa kukaona mzinda wa Roma ku Italy, ndipo aphunzitsi, makolo ndi ana omwe ali ndi mafunso. Makalatawo tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kuno ku Ulónguè. Parishi ina ya ku Italy yomwe imathandiza sukulu yathu yaitana ana 14 a kalasi 11 ndi 12 ndi aphunzitsi awiri kuti tikakhale masiku 6 ku Roma. Ndege ndi malo ogona alipira iwo, koma mapepala ndi athu. Tiyambire pati, ndipo tiyambe liti?

Yankho: Aphunzitsi, yambani lero, ndipo yambirani pa mayina. Sonkhanitsani cédula (chikalata cha kubadwa), BI (chitupa cha unzika) ndi kaundula wa sukulu, muziyale pa tebulo limodzi n'kuwerenga chilembo ndi chilembo. Kuno kwathu dzina limodzi limalembedwa pawiri kapena patatu. Mwana amene kusukulu ndi Chikondi, ku Registo, kolembetsa kubadwa, anamulemba Chicondi kapena Tchicondi, ndipo tsiku lobadwa la pa kalata ya ubatizo nthawi zina silifanana ndi la pa cédula. Pasipoti ikatuluka, dzina la pa pasipotiyo ndi lokhalo limene muzilemba paliponse: pa tikiti ya ndege, pa inshuwalansi, pa kalata yoitana, ngakhale pa matikiti olowera m'malo akale. Dzina likasiyana pa tikiti ya ndege, mwana akhoza kutsala pa bwalo anzake akukwera.

Mapasipoti amapangitsa ku SENAMI, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, mumzinda wa Tete. Amene ali nayo kale aione bwino: ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya, isapose zaka 10 chiperekedwereni, ndipo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo.

Pepala limene limachedwetsa magulu ambiri ndi chilolezo cha makolo. Mwana aliyense wosakwana zaka 18 afunika kalata yosainidwa ndi bambo ndi mayi, yotsimikizidwa kwa Notário, wotsimikiza zikalata mwalamulo. Ganizani tsopano za ana anu mmodzimmodzi. Wina bambo ake ali ku Joni, wina mayi ake anamwalira, wina akuleredwa ndi agogo kapena amalume. Pamudzi palibe amene angatsutse kuti amalume ali ndi mphamvu pa mwana, koma kwa kazembe mawu amenewo sagwira ntchito popanda chikalata cha khoti chosonyeza kuti ndiwo omulera. Ngati kholo linamwalira, pafunika chikalata cha imfa. Zimenezi zimadya masabata, n'chifukwa chake tikuti muyambe nazo.

Visa yake ndi ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, ya ulendo waufupi wosapitirira masiku 90, ndipo amapereka ndi ofesi ya kazembe wa Italy ku Maputo. Lamulo limalola kupempha kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike. Yankho limabwera m'masiku 15, koma akafuna kufufuza zambiri amatha kufika masiku 45. Choncho mapepala alowe kutatsala miyezi iwiri kapena itatu. Apa pali mtengo umene ambiri sauwerengera: aliyense wa zaka 12 kupita m'mwamba ayenera kukaonekera yekha kuti akamutenge zidindo za zala. Anthu 16 nonse mudzatsika ku Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo basi, chakudya ndi pogona zili pa inu. Lemberani ofesiyo msanga kupempha kuti gulu lonse alilandire tsiku limodzi, ndipo mufunsiretu ngati munthu mmodzi angadzatenge mapasipoti onse.

Visa ya munthu wamkulu ndi mayuro 90, koma lamulo la Schengen limachotsa ndalama imeneyi kwa ana a sukulu ndi aphunzitsi owaperekeza ngati ulendo ndi wa maphunziro. Kalata ya mkulu wa sukulu inene poyera kuti ndi visita de estudo, ikhale ndi mayina onse, manambala a mapasipoti ndi ndondomeko ya tsiku lililonse. Onjezani kalata yoitana yochokera ku parishi ija yonena amene akulipira chiyani, umboni wa pogona, ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000 pa munthu, yokwanira masiku onse. Tikiti ya ndege asungitse malo okha, agule visa ikatuluka. Madobadoba olonjeza visa yachangu musawapatse ngakhale metical imodzi, chifukwa pepala limodzi labodza limaipitsa mbiri ya gulu lonse.

Za njira. Kwa inu a ku Ulónguè, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete, kudzera pa Calomue ndi Dedza, ndipo kumeneko kuli ndege yopita ku Roma kudzera ku Addis Ababa. Mukasankha njira imeneyi, kalata ya makolo itchulenso Malawi, poti idzafunsidwa pa chipata. Mukanyamukira ku Maputo kudzera ku Lisboa, apolisi adzakufunsani mafunso ku Lisboa komweko, chifukwa ndi pamene mwalowera ku Ulaya. Kulikonse kumene mudzere, fayilo ya mapepala onse ikhale m'chikwama cham'manja, osati m'katundu wa pansi pa ndege.

Funso: Ine ndine mphunzitsi wachiwiri pa ulendowu. Ndalemba malo 23 oti tikaone. Anzanga akuti achuluka. Mwayi wotere subwera kawiri, ndiye ndichotse ati?

Yankho: Mayi, anzanuwo akunena zoona. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakati pa mzinda wa Roma anthu amayenda pansi, pa timiyala takuda totchedwa sampietrini tomwe timapweteka mapazi ndi kuterera mvula ikagwa, ndipo pakhomo lililonse lotchuka pali mzere wosechedwa. Malo aakulu amodzi m'mawa, aang'ono amodzi masana, basi. Tsiku lofika musaikepo kanthu, ana adzakhala atagona pa mpando usiku wonse.

Tsiku loyamba lenileni likhale la Colosseo (bwalo lalikulu la masewera la Aroma akale), Foro Romano (mabwinja a pakati pa mzinda wakale) ndi phiri la Palatino, zomwe zili pa tikiti imodzi. Sitima ya pansi pa nthaka ya mzere B imakutulani pa siteshoni ya Colosseo, ndipo mukangotuluka chinyumbacho chili pamaso panu. Anachiyamba ndi mfumu Vespasiano, ndipo mwana wake Tito anachitsegulira m'chaka cha 80 Yesu atabadwa. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Musanalowe, zungulirani kunja ndipo ana ayang'ane pamwamba pa zipata: manambala achiroma akuonekabe ozokotedwa pa mwala, chifukwa woonerera aliyense ankalowera pa chipata cha nambala yake. Aonenso mabowo ambirimbiri m'makoma. M'menemo munali zitsulo zogwira miyala, ndipo anthu a m'zaka za pambuyo pake anazikumba kukasula zinthu zina. Mwana amene waona zinthu ziwirizi ndi maso ake sadzaiwala phunzirolo.

Matikiti a kumeneko amalembedwa dzina, ndipo pakhomo amayerekeza ndi pasipoti. Ana osakwana zaka 18 salipira m'malo a boma la Italy, koma tikiti yaulereyo iyenera kusungitsidwa ndithu, ya ola lomwelo ndi la aphunzitsi. Wa zaka 18 kapena 19, amene sasowa m'kalasi 12, alipira mtengo wonse, chifukwa mtengo wotsika wa achinyamata ndi wa nzika za Ulaya. Gulani pa tsamba la pa intaneti la Parco archeologico del Colosseo, ofesi yoyang'anira malowa, osati kwa anyamata oima panja. Zikwama zazikulu salola, ndipo nyengo yozizira amatseka 4:30 madzulo.

Mu Foro muli zipata ziwiri zokumbukira nkhondo zimene ana athu ayenera kuima pansi pake. Cha Tito chili ndi chithunzi cha asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7 kuchokera m'kachisi wa ku Yerusalemu, amene anagwetsedwa m'chaka cha 70. Aliyense wowerenga Baibulo achizindikira. Chinacho, cha m'chaka cha 203, ndi cha Settimio Severo, mfumu ya Roma yobadwira ku Leptis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya. Ana adziwe kuti munthu wobadwira mu Africa analamulirapo mzinda umenewu.

Tsiku lachiwiri ndi la Vaticano, mzere A, kutsikira pa Ottaviano. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Tchalitchi cha San Pietro n'chaulere, mumangoima pa mzere wosechedwa. Cappella Sistina, nyumba yopemphereramo momwe Michelangelo anajambula denga kuyambira 1508 mpaka 1512, ili kumapeto kwa Musei Vaticani, nyumba zosungiramo zakale, komwe kumalipiridwa ndipo khomo lake lili kwina, kuzungulira mpanda. Kumeneko magulu a sukulu amatsitsiridwa mtengo akaonetsa kalata ya mkulu wa sukulu, ndipo Lamlungu n'kotseka kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, lomwe ndi laulere koma lodzaza moti gulu la ana 14 musaliyese. M'kati mwa Sistina saloleza kujambula kapena kulankhula, choncho fotokozani zithunzizo usiku wa dzulo lake, ana akalowe akudziwa chimene akufuna kuona. Mapewa ndi mawondo akhale ophimbika. Atsikana aike chitenje m'chikwama, vuto latha. Anyamata thalauza lalitali, chipewa m'manja. Mpeni wosendera zipatso kapena sizasi zitsale kogona. Amene ali ndi mphamvu akwere pamwamba pa denga la San Pietro, masitepe 551, kapena 320 mukayamba ndi chikepe, koma kanjira kake n'kopanikiza ndipo wa chifuwa cha mphumu asakwere. Lachitatu m'mawa Papa akakhalapo amaonana ndi anthu, matikiti ake ndi aulere, ndipo parishi yokuitanani ikhoza kukupempherani. Dziwani kuti m'mawa umenewo tchalitchi chikhoza kukhala chotseka mpaka mwambowo utatha.

Pantheon musaichotse pa mndandanda. Inamangidwa m'nthawi ya mfumu Adriano cha m'ma 125, ndipo yakhala tchalitchi kuyambira 609. Denga lake ndi lozungulira ngati mphika wovundikira, la konkire wopanda zitsulo m'kati, mamita 43 m'mimba mwake, ndipo kutalika kuchoka pansi kufika pa bowo la pamwamba ndi mamita 43 omwewo. Omanga anaika miyala yolemera m'munsi ndi yopepuka m'mwamba, n'chifukwa chake silinagwe. Bowolo ndi lotsegula, mvula imalowa, ndipo ana afufuze okha timabowo ta pansi totulutsa madzi. Kuchoka apo Piazza Navona ndi kasupe wa Trevi ndi mtunda wa mphindi zochepa, zonse zikwana masana amodzi.

Zotsalazo sankhani chimodzi: manda a pansi pa nthaka a Akhristu oyamba pa Via Appia Antica, kapena tchalitchi cha San Paolo fuori le Mura, pomwe pali manda a mtumwi Paulo. Masana amodzi musungire malo amene tikambe pa funso lomaliza.

Funso: Mwana wanga wamkazi ali pa gulu limeneli. Sanapiteko kutali kuposa Dedza. Mtima wanga suli m'malo: akadya chiyani, kuzizira kwake n'kotani, nanga akasochera kapena akadwala? Ndine mayi wa ku Dómuè.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi ya kholo lililonse, ndipo zambiri mwa izi zimakonzedwa asananyamuke.

Tiyambe ndi matenda, poti ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Malungo amatha kubisala m'thupi sabata kapena kuposerapo udzudzu utaluma, n'kudzatulukira mwana ali kale ku Italy. Madokotala a kumeneko saona malungo kawirikawiri, ndipo nyengo yozizira angaganize kuti ndi chimfine. Mwana akatentha thupi, aphunzitsi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene mawu awa poyamba: tachokera ku Mozambique, muyezeni malaria. Mawuwo ndi amodzimodzi m'Chitaliyana. Nambala ya ngozi ndi 112, yaulere pa foni iliyonse. Ngati mwana wanu amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, apite nawo okwanira masiku onse ndi ena apadera, m'paketi yake, ndi kalata ya kuchipatala, m'chikwama cham'manja. Musawabisire aphunzitsi za mankhwalawo.

Ngati ulendo uli pa tchuthi chachikulu cha December ndi January, kumeneko ndi pakati pa dzinja lozizira. Masana kumafika madigiri 12, usiku kumatsika mpaka 3 kapena 4, kumagwa mvula, ndipo dzuwa limalowa isanakwane kapena itangokwana 5 koloko. Ana a ku Angónia amadziwa chisanu cha June, koma kuno dzuwa likakwera munthu amavula juzi, pamene kumeneko kumazizira tsiku lonse. Pa kaunjika mufunefune jekete lochindikala losalowa madzi, masokosi, chipewa chaubweya ndi nsapato zotseka. Nsapatozo ayambe kuzivala masabata awiri asanapite. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba, ndipo mwana mmodzi wotsimphina amaimitsa gulu lonse. Akapita July kapena August n'kotentha kwambiri, ndiye chofunika ndi chipewa cha dzuwa ndi botolo.

Madzi sagula. M'misewu muli mipopi yachitsulo yoposa 2,000 yotchedwa nasoni, yotuluka madzi abwino akumwa usana ndi usiku. Ukatseka kukamwa kwa mpopiwo ndi chala, madzi amatumphuka pa kabowo ka pamwamba, n'kumwa osagunditsa milomo. Nsima kulibe, ngakhale kuli polenta ya ufa wa chimanga chachikasu yomwe imayandikira. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi pasta, buledi, mpunga, nyemba, nkhuku, ndi pizza yodula yogulitsa pa sikelo, yomwe ndi yotsika mtengo masana. Kadzutsa wawo ndi wochepa, kapu ya khofi ndi kabanzi, choncho aphunzitsi agule buledi ndi zipatso mu supamaketi usiku. Musamuikire nyama youmitsa, mkaka kapena zipatso m'katundu, chifukwa n'zoletsedwa kulowa nazo ku Ulaya ndipo amalanda pa bwalo. Chipwitikizi chimene amaphunzira kusukulu chimuthandiza kwambiri, poti zinenero ziwirizi ndi zapachibale: água ndi acqua, quanto custa ndi quanto costa. Angosamala mawu ochepa, monga burro, amene kumeneko ndi batala, osati bulu.

Kusochera kumachitikira pa sitima ya pansi, zitseko zikatsekeka ena ali m'kati ena ali panja. Lamulo likhale limodzi ndipo aliloweze asanachoke ku Ulónguè: mphunzitsi mmodzi amalowa poyamba, wina pomaliza, wotsala panja aime pomwepo osasuntha, wopitirira yekha atsike pa siteshoni yotsatira n'kudikira. Mwana aliyense akhale ndi nambala yake kuyambira 1 mpaka 14, aziitana mokweza pokwera ndi potsika, kusiyana n'kuwerenga mitu pakati pa chikhamu. M'thumba mwa jekete mukhale kakhadi ka dzina la malo ogona, adiresi yake ndi foni ya aphunzitsi, pamodzi ndi fotokope ya pasipoti ndi visa. Mapasipoti enieni asunge aphunzitsi, atagawana pakati, m'tizikwama ta m'kati mwa malaya.

Opisa m'matumba alipo, makamaka pa siteshoni ya Termini, mu mzere A ndi mu basi nambala 64 yopita ku Vaticano. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba la kumbuyo. Munthu akamumangirira kachingwe pa mkono kapena kumupatsa duwa akuti ndi mphatso, akane ndi kupitiriza kuyenda, chifukwa pambuyo pake amafuna ndalama. Tikiti ya basi aidinditse m'kamakina akangokwera, apo ayi alipitsidwa chindapusa ngakhale anaigula. Pa masitepe a Piazza di Spagna saloleza kukhala pansi, ndipo chindapusa chake chimayambira mayuro 250.

Meticais ndi makwacha kumeneko sasintha. Sinthani ku banki kuno, mutenge mapepala ang'onoang'ono a 5, 10 ndi 20. Chaja ya mano awiri ozungulira imalowa m'makoma a ku Italy, koma ya mano atatu yogula ku Dedza kapena yaikulu ya ku Joni siilowa. Pa nthawi simudzavutika: kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October ola lawo ndi lathu n'limodzi, miyezi inayo ali m'mbuyo ndi ola limodzi. Pemphani aphunzitsi atsegule gulu la makolo pa WhatsApp ndipo azitumiza uthenga umodzi madzulo alionse ana atalowa.

Funso: Ndili kalasi 12. Agogo anga amati nkhondo imene inawathamangitsira ku Ntcheu inathera ku Roma. Kodi malowo alipo, ndipo tingakawaone?

Yankho: Mwana wathu, agogo ako sanakunamize, ndipo pa malo onse amene mukaone, amenewa ndi amene akukhudza mudzi wako. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wa dziko la Mozambique pa nthawiyo, ndi Afonso Dhlakama wa Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma. Ndilo tsiku limene timapuma chaka chilichonse. Zokambirana zinayamba mu July 1990 ndipo zinatenga zaka zoposa ziwiri, ku Trastevere, dera lina la mumzinda wa Roma, m'nyumba yakale ya masisitere yomwe ndi likulu la gulu la Akatolika lotchedwa Sant'Egidio. Ankhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, amene anayambitsa gululi mu 1968, wansembe Matteo Zuppi, amene lero ndi kadinala ku Bologna, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Jaime Gonçalves, bishopu wamkulu wa ku Beira. Pa nthawiyo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'chigawo chathu chino, ndipo pangano limeneli ndi limene linawatsegulira njira yobwerera ku minda yawo.

Kufikako n'kosavuta. Kuchokera pakati pa mzinda muwoloke mtsinje wa Tevere pa mlatho wa oyenda pansi wa Ponte Sisto, mudutse Piazza Trilussa, ndipo pakangopita mphindi zochepa muli pa Piazza di Sant'Egidio. Usayembekezere chinyumba chachikulu. Ndi kabwalo kakang'ono, katchalitchi ndi chitseko wamba, moti alendo ambiri amadutsa osadziwa. Si malo ogulitsa matikiti, ndi malo a ntchito, choncho aphunzitsi alembe kalata mwezi umodzi kapena iwiri ulendo usanafike, anene kuti ndinu ana a sukulu ochokera ku Tete ndipo mukupempha munthu woti akulandireni ndi kukufotokozerani. Gululi lili ndi anthu ake m'mizinda ya ku Mozambique, ndipo kalata ikhoza kudzera mwa iwo kapena mwa parishi yokuitanani. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere, chokhala ndi zithunzi za timiyala tagolide za m'zaka za m'ma 1100, momwe gululi limapemphera madzulo ndipo aliyense amaloledwa kulowa.

Usananyamuke, khala pansi ndi agogo ako ndi kope. Uwafunse chaka chimene anathawa, njira imene anadzera, chimene ananyamula, amene anatsala, ndi kumene anali tsiku limene anamva kuti nkhondo yatha. Anzako 13 achitenso chimodzimodzi kwawo. Aphunzitsi aike ulendo wa ku Trastevere masana a tsiku lachinayi kapena lachisanu, miyendo itazolowera, mufike kukadali kowala, muwerengerane zimene mwalembazo pa kabwalo paja, kenako mulowe m'pemphero la madzulo.